Chitsulo Chomwecho Mpaka Liti?

Sabata ino ndabwera ndi nkhani yomwe ena munene kuti si ya mayi wogulitsa nyemba ndi nandolo pamsika, koma ndipirireni. Ndi nkhani ya zitsulo. Ngati muli ndi mchimwene, mwana kapena bambo wa kunyumba yemwe madzulo amazembera kuseri kukanyamula simenti youmira m'zitini za penti, kapena ngati ndinu amene mumatero, funso ili ndi lanu: kodi munthu azikhala nthawi yaitali bwanji akunyamula mwa njira imodzimodzi asanaisiye n'kuyamba ina?

Kuno ku Kasinje, m'mbali mwa msewu wa M5, jimu yathu ndi paipi yachitsulo, zitini ziwiri za simenti ndi benchi yokhoma ndi misomali. Ya kwathu anapanga ndi mlongo wanga wamng'ono, ndipo ine ndimagwirako kawiri pa sabata. Musaseke. Thumba la chimanga ndi makilo 50, ndipo silifunsa ngati wolinyamula ndi mwamuna kapena mkazi. Msana wanga ndi mbali ya mpamba wanga. Ukathyoka, geni yatha, fizi ya ana yatha.

Manyamulidwe akuluakulu alipo anayi basi. Pali kunyonyomala chitsulo chili paphewa n'kudzukanso, chomwe anyamata amati squat. Pali kudzula chitsulo pansi n'kuima nacho chilili, amati deadlift. Pali kugona chagada pa benchi n'kukankhira chitsulo m'mwamba. Chomaliza ndi kuchikweza pamwamba pa mutu uli choimirira. Mukayang'anitsitsa, ziwiri mwa izi timachita kale pamsika: kudzula thumba pansi, ndi kudzisenzetsa dengu. Zina zonse, za akatumba, za pamimba, za khosi, ndi zokometsera ngati tomato wa m'ndiwo.

Tsono chomwe ndimaona kwa anyamata ambiri ndi ichi. Lolemba aonera kanema pa TikTok, munthu wadzitho akunyamula mwakuti, iwo ayamba zimenezo. Sabata yamawa wina watumiza kanema wina pa WhatsApp, asiya zakale zija. Mukawafunsa amati minofu imafunika kuisokoneza kuti isazolowere. Mawu amenewa sanayambire kuno. Ku America anatchuka kwambiri ndi pulogalamu yamalonda ya P90X ya Tony Horton, ndipo paja wamalonda aliyense, ine ndemwe, amafuna katundu wake azioneka watsopano.

Ndikufunseni inu amene munachitapo geni. Mutagulitsa tomato sabata ino, sabata yamawa usipa, inayo kaunjika, inayo makala, pakutha pa mwezi mungandiuze kuti chomwe chikukupindulitsani ndi chiti? Simungathe. Simunakhalitse pa chilichonse mpaka kudziwa mtengo wa kooda, makasitomala ake, ndi tsiku lomwe chimayenda. Zitsulonso n'chimodzimodzi. Ngati mwezi watha munkanyonyomala ndi makilo 40 maulendo 5, ndipo lero mukunyonyomala ndi makilo 50 maulendo 5 omwewo, ndiye kuti mphamvu zawonjezeka, palibe wotsutsa. Koma ngati mwezi watha munkachita china, lero china, muyerekeza chiyani ndi chiyani?

Palinso za m'thupi. Munthu akayamba kanyamulidwe katsopano, masabata oyambirira makilo amakwera msanga, koma mbali yaikulu si minofu yakula ayi. Ndi ubongo ndi mitsempha zomwe zikuphunzira kulamula minofu kuti igwire ntchito pamodzi, monga mmene mtsikana amaphunzirira kusenza ndowa osagwirira. Khosi lake silinanenepe tsiku limodzi, langodziwa. Kukula kwenikweni kwa minofu kumadzaoneka pambuyo, pakapita masabata angapo. Ndiye amene amasintha sabata iliyonse amangokhalira kulowa Sitandade 1 m'masukulu osiyanasiyana.

Nanga kuphwanya kwa thupi kuja? Apa ndi pomwe anyamata amanamizika kwambiri. Ukachita chinthu chomwe thupi silinazolowere, mawa lake kapena mkuja minofu imawawa, ndipo ukachibwereza kangapo kuwawako kumachepa. Aliyense amene anagwirapo khasu amadziwa: tsiku loyamba kulima, m'mawa mwake ngakhale kukhala pa mpando ndi nkhondo, koma pakatha sabata ziwiri ukupanga mizere yambiri kuposa tsiku loyamba popanda kuwawa kuja. Kodi tinene kuti tsiku loyamba ndi lomwe unali wamphamvu? Kuwawa kumangokuuza kuti ntchitoyo ndi yachilendo.

Agiriki akale anali ndi nthano ya katswiri wina wogwetsana dzina lake Milo wa ku Croton, yemwe anakhalako zaka zoposa 500 Yesu asanabadwe. Amati ankanyamula thole tsiku lililonse mpaka linakula kukhala nkhunzi, iye akulinyamulabe. (Milo timamwa ndi mkaka uja anamutcha dzina la bambo ameneyu.) Kaya zinachitikadi kaya ayi, taonani kuti m'nthanomo sanasinthe ng'ombe. Chomwe chinkasintha ndi kulemera kwake.

Pano wina woziwerenga bwino andiuza kuti, koma amayi, nanga Louie Simmons? Zoona. Bambo ameneyu, yemwe anamwalira mu 2022, anali mwini wa jimu yotchuka ya Westside Barbell ku Columbus, m'chigawo cha Ohio, ndipo anthu ake ankasintha kanyamulidwe kolemera kwambiri pakangopita sabata imodzi mpaka zitatu. Koma onani kuti anali anthu otani. Anali akatswiri a mpikisano, onyamula makilo opitirira 300, amene ananyonyomala ndi chitsulo kwa zaka zambiri mpaka thupi silingaiwale. Pa tsikulo ankanyamula chomalizira cha mphamvu zawo, chomwe munthu sangabwereze sabata ndi sabata osatopa. Komanso kusintha kwawo sikunali kusiya squat n'kukachita za akatumba. Ankasintha mtundu wa chitsulo, kapena kutalika kwa bokosi lokhalapo, kapena katalikiridwe ka manja. Ndi nsima yomweyo, lero ya mgaiwa, mawa ya ufa woyera. Mnyamata amene wayamba mwezi wa March chaka chino sali m'gulu limenelo.

Aphunzitsi ena odziwika amalowera kwina. Mark Rippetoe wa ku Texas, m'buku lake lotchedwa Starting Strength lomwe linatuluka mu 2005, amauza woyamba kumene kuti azichita manyamulidwe ochepa omwewo katatu pa sabata, n'kumawonjezera pang'ono ulendo uliwonse, kwa miyezi. Jim Wendler, yemwenso anaphunzirako kwa Simmons, anakonza ndondomeko yotchedwa 5/3/1: manyamulidwe anayi aja sasintha, masabata atatu kulemera kumakwera, sabata yachinayi mumapepukitsa kuti thupi lipume, kenako mumayambiranso mutawonjezera makilo pafupifupi 2 ndi theka pa za manja, ndi pafupifupi 5 pa za miyendo.

Ndiye yankho langa, ngati mukulifuna m'manambala, ndi ili. Kanyamulidwe kakakulu musakasinthe masabata 8 mpaka 12 asanakwane, ndipo ngati makilo akukwerabe, musakasinthe n'komwe, ngakhale chaka chithe. Mukaona kuti masabata atatu otsatizana simukupita patsogolo, musathamangire kusintha. Yambani mwadzifunsa ngati mukugona ndi kudya mokwanira. Kenako chotsani gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemerako, mukwerenso pang'onopang'ono. Zikakanika kawiri, pamenepo ndiye sinthani, koma mutenge m'bale wake wa kanyamulidwe komweko: chitsulo cha kumsana mukachiike kutsogolo pachifuwa, kapena muzikhala kaye chete pansi musanadzuke. Kuwawa kobaya kwa m'bondo, m'phewa kapena m'msana kokha ndi komwe sikudikira masabata. Chimenecho siyani lero lomwe, ndipo chikapitirira pitani kuchipatala. Zokometsera zija, aaa, sinthani mmene mungafunire, sindikuletsani. Munthu amatopa nazo zinthu zobwerezabwereza.

Koma ndiwaikireko kumbuyo anyamata athu, chifukwa vuto lawo lenileni si TikTok yokha. Ndi simenti. M'majimu a ku Lilongwe ndi Blantyre muli zitsulo zolembedwa makilo, zing'onozing'ono ndi zazikulu, munthu amangowonjezera kamodzi. Kuno chitini chikauma chauma. Uli ndi chopepuka chomwe unachipitirira kalekale, ndi cholemera chomwe sungachisunthe. Pakati palibe. Ndiye mwana akakakamira, achita chiyani? Amasintha kanyamulidwe, chifukwa ndi chokhacho chomwe angathe kusintha. Ena amalimbana ndi cholemeracho mwamakani anzawo akuwachemerera, ndipo misana imapita pamenepo.

Ife tinachita chonchi. Zitini zonse ndinaziika pa sikelo yanga ya pamsika, mlongo wanga n'kulemba makilo ake ndi penti. Kudabwa kwake, ziwiri zomwe ankati n'zofanana zinasiyana, ndiye mbali imodzi ya thupi inkasenza zambiri iye osadziwa. Powonjezera timagwiritsa ntchito madzi, paja lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi. Botolo la lita uku, lina uku, kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga, mwawonjezera makilo 2. Mabotolo akachepa mphamvu, chigubu cha malita 5. Njira ina ndi kusiya kulemera komweko n'kuwonjezera maulendo: sabata ino 5, yamawa 6, mpaka 10, kenako mabotolo. Zonse timalemba m'kope, tsiku, makilo ndi maulendo, monga ndimalembera angongole.

Chinanso chomwe mabuku a azungu aja sanena ndi kalendala yathu. Iwo amalembera munthu yemwe tsiku lonse wakhala pa mpando mu ofesi ndipo nyama sisowa pa mbale yake. Kuno kuchigwa cha Bwanje, October ndi November dzuwa limaotcha ngati wasonkha moto, kenako mvula ikagwa aliyense ali kumunda, ndipo January ndi February m'nyumba zambiri nsima ndi kamodzi pa tsiku. Munthu amene walima kuyambira mbandakucha wachita kale za msana zokwanira. Miyezi imeneyo makilo akaima si chifukwa choti minofu yazolowera. Ine ndimapepukitsa, ndimachita kamodzi pa sabata kuti thupi lisaiwale, manyamulidwe ake omwewo. Zokwera ndimayambiranso tikakolola, mtedza ndi nyemba zikachuluka, kuyambira May mpaka September. Imeneyo ndi miyezi 5, yokwana bwinobwino zigawo ziwiri za masabata 10. Ngati pali chosintha, ndimasinthira pakati pa zigawo ziwirizo, cha m'mwezi wa July, nditayang'ana kaye m'kope.