Kamtolo ka Mayi wa Kutsidya

Msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre ukafika pa Lizulu, m'boma la Ntcheu, umasanduka malire a maiko awiri. Woima kum'mawa kwa phula ali ku Malawi, woolokera kumadzulo ali ku Mozambique. Ine ndidakulira kum'mawa, ndipo nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo ndidaionera kumeneko, ndili pakhonde pa amayi.

Othawa nkhondo adayamba kuchuluka kwathu m'chaka cha 1986, ndipo pofika 1992 adali ataposa miliyoni imodzi m'dziko lonse. Sadali achilendo kwenikweni. Ankayankhula Chichewa chathu chomwechi, ena adali abale athu mwaukwati. Agogo ankatitonthoza kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame awa dzuwa lidawatulukira chaka ndi chaka osakamuka, nkhuni zidayamba kusowa m'mapiri, ndipo pachitsime padayamba mikangano.

Kenaka kudadza chilala cha 1992. Chimanga chidapserera m'minda chisanamasule. Ife tinkadya kamodzi patsiku, pamene iwo ankaima pamzere kulandira ufa, nyemba ndi mafuta ophikira kuchokera ku mabungwe othandiza. Ndidali ndi zaka 12, ndipo ndinene mosabisa kuti ndinkawada. Kwa ine othawa nkhondo adali anthu amwayi: obwera chimanjamanja, odya zonona.

Mmodzi wa iwo, mayi wamng'ono thupi, ankabwera kudzagwira ganyu m'dimba la amayi. Adali ndi kamtolo kokulunga m'chitenje chakutha, kamene ankakamangirira m'chiuno. Polima sankakamasula, pakudya sankakaika pansi. Ana tidamutcha Nakamtolo, ndipo tinkanong'onezana kuti wabisamo ndalama zogulitsa mafuta aulere aja. Tsiku lina lole idaphulika tayala pamsewu. Mayiyo adataya khasu nadzigwetsa chafufumimba pakati pa mizere, manja ali kumutu. Tidaseka mpaka misozi. Amayi adandikwapula ndi mthiko madzulo ake, koma chifukwa chake sadandiuze, ndipo ine ndidangoti akuluakulu nkhanza n'zawo.

Mu May 2008 ndidali ku South Africa, ndikusamalira maluwa panyumba ina mu Johannesburg, ndikugona m'kachipinda kamalata kum'mawa kwa mzindawo. Pa 11 May ziwawa zothamangitsa obwera zidabuka ku Alexandra, ndipo m'masiku ochepa zidafalikira ngati moto wa m'chilimwe. Anthu 62 adaphedwa. Kumalo otchedwa Ramaphosa adaotcha munthu wamoyo, mbadwa ya ku Mozambique, ndipo chithunzi chake chidatuluka m'nyuzipepala za dziko lonse lapansi. Magulu a anyamata ankaimitsa munthu, n'kumuloza chigongono kuti achitchule m'Chizulu. Ndidaloweza mawu akuti indololwane monga mwana aloweza ndime ya ku Sande sukulu, ngakhale ndinkadziwa kuti lilime langa lidzandipereka.

Ndidayamba kugona nsapato zili kuphazi. Pasipoti, ndalama zochepa ndi malaya amodzi ndidaziika m'kachikwama, chingwe chake ndidachikulunga padzanja. Usiku wachitatu mphepo idamenyetsa lata padenga, ndipo ndidangozindikira ndili pansi pa bedi, kachikwama ndakakumbatira pachifuwa. Ndili pansi pomwepo, fumbi lili m'mphuno, ndidamuona mayi uja ali pakati pa mizere ya amayi. Padali patapita zaka 16 ndisanamukumbukeko.

Sindikufuna kudzinamiza kuti ndidamva zimene iye adamva. Mantha anga adali a milungu iwiri, ndipo ndidali ndi kwathu kwamtendere kondidikira. Iye kwawo kudali kungooloka phula, ankakuona ndi maso tsiku ndi tsiku, koma sakadapitako. Chimene ndidapeza pansi pa bedi lija n'chaching'ono: ndidangodziwa ntchito ya kamtolo. Munthu sakamasula chifukwa sadziwa ngati adzakhala ndi nthawi yokatolanso.

Chidandivuta koposa n'china. Tsiku limene tidathawira kupolisi, m'gulu lotithamangitsa mudali mnyamata wa panyumba yoyandikana nayo, amene ndinkamupatsako ndalama ya buledi. Sadali pantchito, amayi ake adadikira nyumba ya boma zaka zambiri osaiona. Ankakuwa kuti ife makwerekwere tikuwalanda ntchito. Anzanga amene tidagona nawo pabwalo la polisi ankati anthu amenewa ndi zinyama, ndipo ine ndinkafunitsitsa kuvomereza. Ndidalephera. Maso a mnyamatayo ndinkawadziwa: adali maso a mwana wanjala woonerera mzere wa ufa ndi mafuta ali kutali. Kwa iye wamwayi wodya zonona ndidali ine. Sindikumuchotsera mlandu, pakuti wothira mafuta pa munthu mnzake ndi wakupha, kaya ali ndi njala kaya wakhuta. Komabe ndimadzifunsa kuti mu 1992 muja, akadapezeka wamkulu wondipatsa mwala m'malo mwa mthiko wa amayi, dzanja langa likadakana kodi?

Ndidabwerera kumudzi pabasi, kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete, dziko la mayi uja likudutsa pazenera. Othawa nkhondo adali atabwerera kwawo kalekale, pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Nditapuma masiku angapo ndidawapeza amayi akusankha nyemba pakhonde.

"Amayi, mukumukumbuka mayi wa kutsidya uja ankalima m'dimba mwanu? Kodi m'kamtolo muja mudali chiyani?"

Adandiyang'ana nthawi yaitali. "Wachikumbuka lero? Adandionetsapo kamodzi. Mudali kapoto, mchere pang'ono, ndi malaya a mwana."

"Mwana uti? Ine sindidamuonepo ali ndi mwana."

"Nanenso sindidamuone," adatero amayi, napitiriza kusankha nyemba. "Ndipo sindidamufunse."