Ku Lusaka kuno andifunsa funso limene kwathu sitifunsana

Abale anga a kumudzi, makamaka inu amene tinkaimbira limodzi kwaya ku Dedza, pali nkhani imene yakhala ikundidya mumtima kuyambira pa 18 Okutobala, ndiye ndati ndiitule pano. Tsiku limeneli kuno ku Zambia ndi holide. Maofesi ndi mabanki amatseka, ana sapita kusukulu, akuti dziko lonse lipemphere ndi kusala kudya. Anayambitsa zimenezi ndi a Edgar Lungu mu 2015, chaka chomwe anaikanso mwala wa maziko a nyumba ya mapemphero ya dziko lonse ku Woodlands, ndipo ngakhale boma linasintha mu 2021 tsikuli lilipobe. Gwero lake ndi a Frederick Chiluba, amene pa 29 Disembala 1991 analengeza ku State House kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, mawuwo n'kudzalowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996. Munthu wa kuno mukamatsutsana pa nkhani iliyonse, kaya ya ziphuphu kaya ya kavalidwe, salephera kukukumbutsa mawu amenewo.

Chikhristu cha kuno sichibisala. Ukakwera minibasi m'tauni kulowera ku Chelstone, Great East Road yonse umayenda ukuwerenga zikwangwani za misonkhano ya mapemphero, china pa Manda Hill, china pafupi ndi UNZA, china pa Munali, nkhope za abusa ndi akazi awo zazikulu kuposa za andale. Pa Intercity, basi ya ku Chipata isananyamuke mlaliki amayamba wayenda m'kanjira ka pakati pa mipando ndi Baibulo lake. Ku ofesi kwathu, kufupi ndi Cairo Road, Lolemba m'mawa timayamba ndi pemphero, abwana ataimirira limodzi ndi mtsikana wophika tiyi. Nthawi ya nkhomaliro anzanga ena amasowa, apita kukapemphera m'kachipinda kena pamwamba pa masitolo. Lachisanu usiku tulo timavuta, chifukwa zimkuzamawu za mapemphero ochezera zimafika mpaka kuchipinda. Mudzati zonsezi ku Lilongwe ndi ku Blantyre ziliko. Ziliko ndithu, koma kuno n'zowirikiza, ndipo nditangofika zinkanditopetsa.

Mtima wanga unakhala pansi tsiku limene ndinalowa m'tchalitchi cha Reformed Church in Zambia, RCZ, cha dera lathu lino. Atangoyamba nyimbo yoyamba misozi inalengeza. Nyimbo yomweyo, kaimbidwe kokoka komweko, Buku Lopatulika lomwelo, amayi a Chigwirizano atakhala mbali yawo. Mpingo umenewu unayambira ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899, patangopita zaka 10 amishoni a Dutch Reformed atakhazikika ku Mvera kwathu mu 1889. Sukulu yawo ya ubusa, Justo Mwale, ili ku Chamba Valley konkuno, ndipo abusa ena a kwathu anaphunzira kumeneko. Ngakhale bambo a Kenneth Kaunda, a David Kaunda, anali mlaliki wotumidwa ndi Livingstonia kukatumikira ku Chinsali. Izi ndimazinena mokweza anzanga akamati ndimalankhula Chinyanja cha m'Baibulo. Ife Amalawi tinathirapo dzanja pa chikhristu chimene amachinyadiracho.

Koma chimene ndalembera ndi ichi. Pakati pa sabata timakumana m'nyumba za anthu mosinthana. Ndinkayesa ndi mlaga ngati wa kwathu: nyimbo, kuwerenga, mkulu afotokoze, chopereka, zolengeza, basi. Gulu lathu amalitsogolera ndi amayi ena achikulire a ku Katete, namwino opuma pantchito, ndipo iwo asanatsegule Baibulo amayamba mbali imodzi n'kuzungulira nyumba yonse ndi funso limodzi: sabata ino chikondi cha Mulungu mwachionera pati? Yankho loloweza salilandira. Ukati Mulungu ndi wabwino nthawi zonse, amati, "Zimenezo tonse tikuzidziwa mwana wanga, ine ndafunsa za inu ndi sabata ino." Ndiye anthu amanena tinthu tating'onoting'ono. Wina akuti eninyumba andionjezera masiku a lendi. Wina akuti abambo akunyumba akhala akubwera osaledzera. Mnyamata wina wogulitsa mafoni pa City Market anati kasitomala anamutukwana, mawu oipa anafika pakamwa, koma anangomva mtima ukuzizira mpaka munthuyo anachoka. Agogo ena anati adzuka bondo lisakupweteka, ndipo nyumba yonse inaomba m'manja.

Litafika pa ine funsolo, pakamwa panauma. Ndinabatizidwa ndili wakhanda, kalasi ndinalowa, katekisma ndinaloweza, kwaya ndaimba kuyambira ndili mtsikana, koma chibadwire palibe anali atandifunsapo zimenezo. Amayiwo sanandikakamize. Anangoti, "Mudzatiuze sabata yamawa, muziyang'ana."

Mafunso a kwathu mukuwadziwa. Kalata yosamukira ili kuti? Khadi la chopereka lalembedwa? Ukwati unadalitsidwa? Mtsikana uja mimbayo mwini wake ndani? Sindikunyoza mwambo wa mpingo, ndi umene unatilera, ndipo ndikaona chisokonezo cha m'mipingo ina kuno ndimathokoza kuti ndinakulira pamene pali akulu a mpingo ndi dongosolo. Koma tinene zoona, ambiri a ife tinakula tikumudziwa Mulungu ngati ahedi a sukulu: khala bwino, dzina lako lisamveke ku ofesi. Pali mnzathu wina, ena mwa inu mumudziwa, amene anaimitsidwa Mgonero atatenga pakati ali Fomu 3. Chilangocho chinalengezedwa pamaso pa mpingo wonse. Pa 18 paja, poti kunalibe ntchito, ndinamuimbira foni titatha zaka tisanalankhulane. Anandiuza kuti miyezi yonse imene anakhala pa benchi ya kumbuyo ija palibe amene anapita kunyumba kwawo kukamuuza kuti Mulungu sanasiye kumukonda. Lero ndi mayi wa ana akuluakulu, ndipo sapemphera kulikonse. Atadula foni ndinakhala pansi kulira, tsiku limene Lusaka yense anali kuimba.

Ine funso lija linandigwira dzanja m'chaka cha 2024. Chakacho chinayamba ndi kolera, odwala atagonekedwa m'bwalo la mpira la Heroes, sukulu zitatsekedwa mpaka Febuluwale. Kenako mvula inadula, a Hakainde Hichilema n'kulengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lagwa m'tsoka la chilala, madzi ku Kariba n'kuphwera, magetsi n'kufika pomabwera maola atatu patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Kwathunso chimanga chinapserera, kwacha yathu nayo itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye foni iliyonse yochokera kumudzi inali ya thumba la chimanga, ya feteleza, ya fizi ya mwana wanga amene ndinamusiya ndi mayi. Kuntchito malipiro anayamba kuchedwa chifukwa bizinesi inaima ndi magetsiwo, chiphaso changa chogwirira ntchito chili pafupi kutha. Amene munakhalapo kunja mukudziwa, chiphaso chikamatha ngakhale galimoto ingoima pageti mtima umadumpha. Ndipo mwana akamakufunsa pafoni kuti amayi mubwera liti, umasowa poyika nkhope.

M'miyezi imeneyo, podziwa kuti funso likundidikira, ndinkayenda ndikufunafuna choti ndikanene. Ndipo ndinkachipeza. Amayi oyandikana nawo nyumba, Achibemba, a mpingo wina, amene chilankhulo timangomvana mwa apo ndi apo, ankandisiyira makala oyaka pa mbaula yawo kuti ndikaweruka ndiphikirepo. Kondakitala wina anandithamangira ndi ndalama imene ndinamupatsa mopyola. Mwana wanga anakhoza JCE. Usiku wina, mumdima, foni itazima, ndinapemphera osapempha kanthu, ndipo ndinagona tulo tabwino mpaka m'mawa lendi isanalipidwe. Kale ndikanati ndi mwayi chabe, kapena sindikanaziona n'komwe. Panopa ndikudziwa kuti ndimakondedwa, ine pandekha, osati chifukwa khadi langa lili bwino, ndipo kudziwa kumeneko kwandichotsa mantha ambiri. Ngakhale kukhululuka sikukundivuta kwambiri ngati kale.

Musaganize kuti zonse kuno n'zokoma. Mnzanga wa kuntchito ananditengera ku mpingo wina mbali ya ku Kabulonga, kwa mipanda italiitali ndi alonda pageti. Oimba anali aluso, jenereta ikulira kuseri, mkati mozizira bwino. Koma ulaliki wonse unali wakuti amene Mulungu wamukonda zimaoneka: galimoto, puloti, ulendo wa ku Dubai. Anayamba kuitana kutsogolo amene angabzale mbewu ya ndalama zambiri, n'kumatsika pang'onopang'ono, ndipo pofika kwa ife a ndalama zochepa pemphero linali lalifupi. Ndinatuluka mtima ukuwawa. Ndinaganiza za mayi anga, amene akhala akusesa m'tchalitchi Loweruka lililonse zaka zonsezi, khitchini yawo ikadali yaudzu. Ndiye kuti iwowo Mulungu sawakonda? Nanga atsikana a ku Mtendere ndi Kalingalinga amene amachapa ndi kuphika m'nyumba za ku Kabulonga komweko, Lamulungu ali pantchito kuti abwana akapemphere? Chiphunzitso chimenechi n'chankhanza, ndipo ndikumva kuti kwathu nacho chafalikira.

Chondisangalatsa n'chakuti eni dziko amachitsutsa poyera. Ku Kabwata Baptist kuli abusa Conrad Mbewe, amene akhala pampingowo kuyambira 1987, ndipo amadziwika mpaka kunja podzudzula aneneri ogulitsa madalitso. Ndinakamverako ulaliki wawo. Palibe kukuwa, amatenga ndime imodzi n'kuisenda bwinobwino, anthu akulemba m'makope, achinyamata atadzaza mipando. Unali wa m'Chingelezi, mayi anga sakanatolapo kanthu, koma ine ndinabwerako mtima uli m'malo.

Pa maliro pokha ndiye wina asakunamizeni, palibe otiposa. Kuno anthu amasonkhana ndithu panyumba ya siwa, amuna panja pamoto, amayi m'nyumba, kwaya imabwera, koma tsiku loika ku Leopards Hill kapena ku Chingwere ambiri amafika pagalimoto n'kubwerera kuntchito masana omwewo. Bambo atatisiya ndinayenda tsiku lonse, Luangwa, Nyimba, Petauke, Katete, Chipata, kudzadutsa pa Mwami dzuwa litapendeka, kufika kumudzi usiku. Ndinapeza adzukulu atakonza kale zonse, amayi a mudzi wonse atabwera ndi ufa ndi nkhuni, a mpingo wathu, Akatolika ndi Asilamu ali pamphasa imodzi. Palibe anatchula za chikondi cha Mulungu. Anangochichita, ine n'kumati ndi mwambo wa pamudzi. Amayi a ku Katete aja ndi amene anadzanditsegula maso, nditawafotokozera, kuti mbale za ufa zija zinachokera kwa Mulungu kudzera m'manja a anthu amene nawonso analibe. Chikondi kwathu chilipo chochuluka kuposa kuno, koma sitichitchula mwini wake, ndipo ana athu akukula akumva za chilango chokha kuguwa.

Inu akulu a mpingo, inu amayi otsogolera milaga ndi miphakati, ndikupemphani. Pokumana sabata ino, musanawerengere ndalama ndi kulengeza za chitukuko, zungulirani nyumba ndi funso limeneli, ndipo amene ali pa chilango musawadumphe, akapanda kubwera muwatsate kwawo. Poyamba anthu adzangoti duu. Musawakakamize, funsaninso sabata yotsatira. Amene muyese mundiuze mmene zayendera, ndipo pa Khirisimasi ndikubwera, ndidzakhala nawo pa mlaga wa kwa mayi.