Kompyuta imene inkazima yokha

Ana inu, kodi munaonapo kompyuta? Kompyuta ndi makina. Imalemba, imawerengera, imasunganso maina a anthu. Siidya nsima ngati ife. Cakudya cake ndi magetsi.

Magetsi ambiri a dziko lathu la Mozambique amapangidwa ku damu la Cahora Bassa, ku Songo, pa mtsinje wa Zambezi. Damuli anamaliza kulimanga m'caka ca 1974. Mphamvu ya magetsi timaiyeza ndi mavoliti. Magetsi obwera ndi mawaya m'nyumba ndi a mavoliti 220. Kusukulu kwathu, kuno ku Tsangano, mawaya sanafike. Tili ndi sola padenga ndi batire ya mavoliti 12. Kabokosi kena, dzina lake inveta, kamasandutsa mavoliti 12 kukhala 220.

Ine ndine mphunzitsi. Ndimalemba maina a ana ndi zotsatira za mayeso mu kompyuta. Caka cina, m'nyengo yozizira, kompyuta yathu inayamba kuzima yokha n'kuyakanso yokha. Lero m'mawa, mawa masana. Ikazima, zonse zimene ndinali kulemba zinkafufutika.

Anthu anayamba kulankhula. Ena anati, “Ndi mwana uja amasesa mu ofesi. Iye ndiye waigwira.” Mwanayo analira kwambiri. Masiku awiri sanabwere kusukulu. Tsiku lacitatu kunabwera agogo ake. Anati, “Aphunzitsi, ndalama ndilibe. Ndibweretsa thumba la mbatata ya kacewere kuti ndilipire.”

Ine ndinati, “Agogo, dikirani pang'ono. Palibe amene anamuona akuigwira.”

Ndinaitana alamu anga a ku Furancungo, ku Macanga. Iwo amakonza mawailesi, mafoni ndi makompyuta. Atafika anati, “Alamu, tisaloze munthu cala. Tiyese cinthu cimodzi, tikatha tiyese cina.”

Coyamba anayeza batire ndi kamita kawo. Kamita kanaonetsa mavoliti 11. Batire yodzaza bwino imapitirira 12 pang'ono. Yathu inali ndi njala. Mukudziwa kuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumacita nkhungu, ndipo dzuwa limacedwa kutuluka. Pa sola panalinso fumbi. Batire ikafooka, inveta imadula magetsi, ndipo kompyuta imazima. Alamu anapukuta sola ndi nsalu yonyowa. Tinadikira mpaka batire inadzaza.

M'mawa mwake kompyuta sinazime. Tinasangalala. Koma masana, dzuwa likuswa mtengo, inazimanso!

Alamu sanakwiye. Anati, “Ndiye kuti nthenda ndi ziwiri kapena zitatu.” Anazula cingwe ca magetsi. Anatsegula kompyuta. Anandionetsa timatabwa tiwiri tobiriwira, totalika ngati pensulo. Dzina lake ndi RAM.

RAM ili ngati sileti. Kompyuta imalembapo zimene ikucita nthawi yomweyo. Magetsi akazima, zonse zimafufutika. Zimene tasunga bwino zimakhala pena, monga mmene inu mumalembera mu kope. Sileti ikasweka, mwana amawerenga 8 pamene analemba 3. Kompyuta nayo ikawerenga zolakwika, imasokonezeka, n'kuyambanso poyamba.

Pa timatabwa tija panali kapepala kolembedwa kuti DDR3 ndi 1,5 V. Kutanthauza kuti timafuna mavoliti 1,5. Alamu anayatsa kompyuta n'kulowa pamalo pamene amati BIOS. Pamenepo ndi pamene munthu amauza kompyuta mlingo wa magetsi opita ku RAM. Tinapeza kuti panalembedwa 1,35. Kompyutayi tinaigula yakale, ndipo inabwera ili conco.

Alamu anati, “Zili ngati madzi a m'ngalande ya kudimba. Akacepa, mbatata imafota. Akacuruka, amakokolola mizere.” Anabweza mlingo pa 1,5. Sanapitirire pamenepo, cifukwa magetsi ocuruka amatenthetsa RAM n'kuiononga.

Kenako anazima kompyuta n'kucotsa timatabwa tonse tiwiri. Anapukuta timano take tagolide ndi labala yofufutira pensulo. Anabweza kamodzi kokha. Kompyuta inagwira nchito tsiku lonse osazima. Mawa lake anacotsa kameneko n'kuika kaciwiri. Pasanapite nthawi, kompyuta inazima. Apo tinadziwa kuti kaciwiri ndiko kanali kakufa. Tinakaika pambali. Kompyuta inatsala ndi kathabwa kamodzi. Inkayenda pang'onopang'ono, koma sinazimenso yokha.

Nthenda zinalidi zitatu: batire yofooka, mlingo wocepa wa magetsi, ndi kathabwa kakufa. Palibe ngakhale imodzi imene inabwera ndi dzanja la mwana. Amene anamuloza cala anapita kukapepesa kwa agogo ake. Thumba la mbatata linakhala m'nyumba mwawo. Mwana uja anabwerera kusukulu, ndipo dzina lake ndinalilemba pamodzi ndi la anzake.

Tikanasintha zinthu zonse tsiku limodzi, sitikanadziwa cimene cinali kudwala. Tikanalandira mbatata ija, kompyuta ikanapitiriza kuzima.

Ana inu, wailesi, foni kapena kompyuta ikazima yokha, musaimenye. Musaitsegule. Musagwire mawaya, cifukwa magetsi amapha. Pitani mukauze munthu wamkulu zimene mwaona. Inazima nthawi yanji? Kunali dzuwa kapena mitambo? Mayankho anu adzathandiza wokonza.

Inunso makolo, cinthu cikaonongeka pakhomo, musathamangire kufunsa kuti, “Waononga ndani?” Yambani mwaona batire. Kenako onani mawaya. Za m'kati musiyire wodziwa kukonza.