Kuona Maso a Nkhono Nkudekha

Anzanga acinyamata, ine ndine munthu waphuma. Ndikakhala pa ulendo ndimafuna kuona zonse tsiku limodzi, kujambula zithunzi, ndi kubwerera kukauza anzanga kuti ndinafikako. Khalidwe limeneli linatsala pang'ono kundimana cinthu cacikulu pa cisumbu ca Zanzibar, m'dziko la Tanzania.

Tinakwera sitima ya TAZARA pa Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam, ndipo kucokera kumeneko tinaoloka nyanja pa boti. Mzinda wakale wa padoko, umene uchedwa Stone Town, uli ndi tinjira topanikiza kwambiri mwakuti m'malo ambiri galimoto silingapite. Kumene tinagona anatipatsa pepala la mapu losonyeza malo oyenera kuima. Panalibe wotitsogolera. Munthu amayamba nthawi imene afuna, napumula akatopa, nafunsa eni mudzi akasokera.

Ndinayambira m'mbali mwa nyanja, pa munda wa Forodhani. Pafupi pomwepo pali linga lakale limene Aarabu a ku Oman anamanga, ndiponso cinyumba ca Beit al-Ajaib cimene mfumu Barghash inamanga mu 1883. Mbali ina ya cinyumbaci inagwa mu 2020. M'tinjira muja ndinaona zitseko zazikulu zosemedwa mwaluso, zokhomedwa misomali ya mkuwa. Koma zonsezi ndinaziona mothamanga, cifukwa mtima unali ku msika wa Darajani kumene ndinafuna kugulira amai nsalu.

Posakhalitsa ndinasokera. Ndinapeza agogo ena aamuna atakhala pa khonde, ndipo ndinawafunsa njira ya kumsika m'Ciswahili canga cothyokathyoka. Iwo anayamba andifunsa kwathu. Nditachula Zambia, anatenga mapu anga, naloza ndi cala, nati, "Mwana wanga, nsalu siithawa. Yamba wapita apa." Malo amene analoza ndi Mkunazini, omwe ndinali nditaganiza kale zowalumpha.

Pa Mkunazini mpamene panali msika wa akapolo. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo anagwidwa kumtunda kuno, m'madera ozungulira nyanja za Malawi ndi Tanganyika, nayendetsedwa miyezi yambiri kufikira kugombe. Wamalonda wochuka Tippu Tip, amene nyumba yake ikalipo mu Stone Town, anafika mpaka kumpoto kwa dziko lathu, namenyana ndi mfumu Nsama ya Atabwa mu 1867. Msika uja unatsekedwa mu 1873, ndipo Bishopu Edward Steere wa mpingo wa Anglican anamangapo chalichi. Eni ake amati guwa lansembe linaikidwa pamene panali mtengo womangirirapo akapolo powakwapula. Panja pali dzenje, ndipo m'dzenjemo muli zithunzi zosema za anthu asanu, unyolo uli m'khosi. Mmodzi wa iwo ndinamuona ngati wafanana ndi mlongo wanga.

Nditalowa m'chalichimo ndinaona mtanda waung'ono wamtengo. Anzanga, mtanda umenewo unacokera kwathu kuno. David Livingstone anamwalira mu 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, ndipo mtima wake unakwiriridwa pansi pa mtengo wa mpundu. Mtandawo unasemedwa kucokera ku mtengo womwewo. Thupi lake analinyamula Susi ndi Chuma pamodzi ndi anzao kufikira ku Bagamoyo. Chuma mwini wake anali Myao amene anaomboledwa m'manja mwa ogula akapolo ali kamnyamata.

Ndinakhala pansi. Mtengo wakwathu unafika kuno ndipo anthu akuudziwa, koma abale athu amene anafika kuno maina ao sadziwika. Ndinadzifunsa kuti: kodi pakati pao panalibe mnyamata wa msinkhu wanga, amene amake anamdikira pakhomo mpaka kufa? Ndinakhala pamenepo ola lathunthu, ndipo palibe amene anandiuza kuti nyamuka. Ndikanakhala pa gulu lothamangitsidwa ndi nthawi, ndikanangojambula cithunzi ndi kuturuka.

Nditafika ku Darajani kunali kutada, ogulitsa nsalu atalongedza kale. Ndinaigula m'mawa mwake. Agogo aja ananena zoona, nsalu siinathawe.

Tsono inu, simufunika kudikira ndalama ya sitima. Ambiri a inu a mu Lusaka mumadutsa pa nyumba nambala 394 ku Chilenje, mmene munakhala a Kenneth Kaunda masiku omenyera ufulu, koma simunalowemo. Pa Ciweru cina kumanani pa gulu lanu, mufunse akuluakulu malo amene ali ndi mbiri kwanuko, ndipo muwalembe pa pepala. Kenaka aliyense ayende pa liwiro lake, madzulo mudzauzane zimene mwaona. Wina akacedwa kubwera musamkalipire. Mwina wapeza malo amene amkhazika pansi.