Nsima ya Amayi Athu

Ife a m'chigwa cha Domasi tinakula ndi lamulo limodzi la chakudya, ndilo lakuti munthu wosadya nsima wagona ndi njala. Mpunga tilima ndithu kunsi uko, kumene mtsinje wa Domasi utsikira ku nyanja ya Chilwa, koma ngakhale mpungawo sitiuwerengera ngati nsima. Chifukwa chake pamene amayi athu anapezeka ndi nthenda ya shuga, tinachita monga achita ambiri: tinabisa shuga, tinawapatsa tiyi wosatsekemera, koma nsima tinawaunjikira monga kale, pakuti tinati wodwala adye kuti aone mphamvu.

Inapita miyezi, ndipo ludzu lawo silinaleke. Usiku anali kutuluka kanayi kukataya madzi, maso anayamba kuchita chifunga, ndi kachilonda ka kuphazi kanakana kupola. Titabwerera nawo ku chipatala ku Zomba, namwino anawabaya chala m'mawa asanadye kanthu, nayesa dontho la mwazi. Anatiuza kuti muyeso wa 126, umene makina ena auwerenga 7, munthu asanadye, ndiwo usonyeza nthendayi. Koma wa amayi unapitirira kutali. Ife tinadzikanira, tinati shuga sanamulawe chiyambire. Iye anangofunsa kuti, "Nanga mitanda ya nsima adya ingati?"

Funso limeneli linatidabwitsa, koma yankho lake linali m'nyumba mwathu momwe. Taonani wophika thobwa. Athira chimera m'phala la ufa losatsekemera konse, ndipo posakhalitsa phalalo lisungunuka ndi kutsekemera, asanathiremo shuga. Kutsekemerako kunali kobisika mu ufa, ndipo chimera changokumasula. Momwemonso lichita thupi la munthu: malovu ayamba ntchitoyi m'kamwa, matumbo aitsiriza, ndipo nsima, mpunga, chinangwa, mbatata ndi buledi zilowa m'mwazi zitasanduka shuga. Patapita ngati ora limodzi chidyere, shugayo afika pamwamba. Mwa munthu wolimba, kapamba atulutsa insulini, imene itsegulira shuga njira yolowera m'minofu, ndipo mwazi ubwerera mwakale. Mwa wodwala insuliniyo ichepa, kapena thupi siliimvera. Tsono shuga atsalira m'mwazi, naononga pang'onopang'ono maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi.

Nzeru yochepetsa zakudya za ufa si yatsopano ayi. M'chaka cha 1797 dotolo wa asilikali, John Rollo wa ku Scotland, analemba za wodwala amene anamdyetsa nyama ndi mafuta, nam'chepetsera za ufa, ndipo anapezako bwino. Mankhwala a insulini anadza pambuyo, m'chaka cha 1921, pamene Frederick Banting ndi Charles Best anagwira ntchito yawo ku Toronto. Mankhwalawo apulumutsa anthu osawerengeka, koma sanachotse udindo wa mbale.

Pobwera kumudzi tinatembenuza mbale ya amayi. Kale nsima inali phiri ndi ndiwo kadontho. Tsopano ndiwo zinachuluka, ndi nsima inatsala mtanda umodzi wonga nkhonya yawo. Tinaleka ufa woyera ndi kutenga mgaiwa, pakuti gaga achedwetsako shuga polowa m'mwazi. Komatu tinaphunzira kuti mgaiwanso ukachuluka ukweza shuga ndithu. Nkhwani, bonongwe, chisoso, therere, matemba ndi mazira sizikweza shuga kwenikweni. Nyemba ndi nandolo zimkweza pang'onopang'ono. Thobwa, nzimbe ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo tinazichotsa, ndipo nyengo ya mango anali kudya limodzi, osati lichero.

Pamenepo panabuka vuto limene namwino sanatiuze. Tsiku lina amayi anayang'ana kamtanda kawo, nayang'ananso mbale zathu, nati, "Ana inu, ndinakulerani ndi nsima ine, lero mwayamba kundimana?" Mawuwa anatilasa mtima, pakuti kwathu kuno kuchepetsera mkulu chakudya ndiko kum'nyoza. Tinapangana tsono kuti tonse tidye monga adya iwo, ndipo chiyambire tsikulo sanadandaulenso. Ana okha ndi olima kudimba tinawasiyira muyeso wawo.

Tiyenera kuululanso kulakwa kwathu. Poona kuti muyeso uli kutsika, tinati tichepetse koposa. M'mawa wina amayi anamwa mankhwala awo, napita kudimba osadya kanthu. Dzuwa lisanafike pamutu tinawapeza ali kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, ndi mawu osalongosoka. Shuga wa m'mwazi anali atatsika kupitirira muyeso, ndipo chimene chinawatsitsimutsa ndicho madzi osungunuliramo shuga yemwe uja tinabisa. Dotolo anatichenjeza kuti muyeso wochepera 70 uli woopsa, ndi kuti womwa mankhwala kapena wobaya insulini asachepetse nsima kapena kusala kudya asanafunse, pakuti chakudya chikasintha mankhwalanso ayenera kulinganizidwa.

Chilonda chija chinapola, ndipo amayi ayenda okha kukacheza kwa anzawo madzulo atatha kudya, kumene kuthandizanso kutsitsa shuga. Nthenda sinachoke, koma yagonja.

Talemba izi podziwa kuti sitili tokha. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa akulu 100 a m'Malawi a zaka 25 kufikira 64, pafupifupi 6 anali ndi nthendayi. Abale, ngati m'nyumba mwanu muli wina wa ludzu losatha, wokodza usiku wonse, kapena woonda chikhalirecho akudya, mupite naye akayezedwe. Ndipo mukafika, mufunse za nsima, musangofunsa za tiyi. Ife tinataya miyezi yambiri posafunsa, ndipo akulu ananena kale kuti safunsa anadya phula.