Izumo, Juno ndi Azakhali Anga

Azakhali anga anabwerako ku chitengwa ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anakhala pabanja zaka zisanu ndi chimodzi popanda mphatso ya mwana, ndipo akuchimuna anagamula mlandu popanda wopita kuchipatala. Ankawatchula kuti chumba. Mawu akuti gojo tili nawo m'Chichewa, koma sindinamvepo munthu akuwalozetsa kwa amuna awo.

Chaka chatha, pomwe tinkaphunzira za chiyambi cha mayina, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, yemwe amachita bayoloje, anandionetsa dzina m'manotsi mwake: Izumo1. Anati ndi puloteni. Ine ndinkadziwa mapuloteni a kupulayimale, a m'mazira ndi usipa. Sindinkadziwa kuti aliyense ali ndi dzina lake ndi ntchito yake m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi.

Izumo1 amakhala pa selo la umuna. Anamutulukira m'chaka cha 2005 ndi gulu la Masaru Okabe ku yunivesite ya Osaka, ndipo anamupatsa dzina la kachisi wa ku Japan yemwe anthu amakapemphererako za ukwati. Anayesa pa mbewa. Mbewa yamphongo yopanda puloteniyu imaoneka yathanzi, imakwera yaikazi bwinobwino, umuna wake umasambira mpaka kubowola chikuto cha dzira. Ukafika pamenepo umangoima. Sulumikizana ndi dziralo.

Panapita zaka zisanu ndi zinayi kuti apeze mnzake wa Izumo1 pa dzira. M'chaka cha 2014, gulu la Gavin Wright ku Sanger Institute ku England linamupeza n'kumutcha Juno, dzina la mulungu wamkazi wa ukwati wa Aroma. Mbewa yaikazi yopanda Juno nayonso sibereka. Choncho awiriwa amafunikana monga moni ndi yankho lake. Chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti akangolumikizana, Juno amachoka pa dzira pasanathe ola limodzi, ndipo akatswiri akuganiza kuti zimenezi zimathandiza kuti umuna wachiwiri usalowe.

Kuchokera apo selo limodzi lija liyenera kugawikana, awiri, anayi, asanu ndi atatu. Apanso pali woimba belu. M'chaka cha 1982, Tim Hunt ankafufuza mazira a sea urchin, kanyama kaminga ka m'nyanja yamchere, ku Woods Hole m'dziko la America. Anaona puloteni yemwe amachuluka pang'onopang'ono kenako n'kuphwanyidwa nthawi iliyonse selo likamagawikana. Anamutcha cyclin, ndipo mu 2001 analandira nawo mphotho ya Nobel. Dzina limeneli silinandikoke ngati awiri aja, mwina chifukwa mulibe ukwati.

Kunena zoona, mbewa si munthu, ndipo zolepheretsa kubereka n'zambiri. Komabe chiwerengereni zimenezi, mawu akuti chumba amandiwawa m'khutu. Amaloza munthu mmodzi pa ntchito ya awiri.

Patchuthi ndinawapeza azakhali akutong'ola chimanga pakhonde. Ndinayamba kuwafotokozera mwamantha, poti si nkhani yoti mwana n'kukamba ndi akulu. Anamvetsera osakweza mutu mpaka ndinamaliza.

“Ndiye ukuti mbewa yamphongoyo inali yonenepa bwinobwino?”

“Inde, azakhali.”

Anaseka pang'ono, n'kundikankhira lichero.

“Tong'ola, mwana wa achimwene. Nanga mbewa imeneyo anaitcha dzina lanji?”