Viika lero, udye mawa

Chimaliro, Thyolo

Mwana wanga,

Poti mawa ukulawirira minibasi ya ku Limbe, m'chikwama chako ndaikamo mpunga, mphodza ndi nandolo wa m'munda mwathu. M'tauni ndalama imathera pa buledi ndi tchipisi mwezi usanafike n'pakati pomwe. Choncho ndikufuna uzidziphikira dosa, mkate wopyapyala wa Amwenye a kumwera kwa India, umene ndinaphunzira ndikugwira ntchito m'nyumba ina ku Limbe komweko, iwe usanabadwe.

Tenga makapu 3 a mpunga ndi kapu imodzi ya mphodza. Eni ake amapangira mphodza yakuda yosenda yotchedwa urad, ya m'masitolo a Amwenye. Ikasowa, yathu yobiriwirayi imachita. Utsuke, uviike chilichonse pachokha kwa maola 5 kapena 6. Ukatero usinje mumtondo, uku ukudonthezera madzi, mpaka likhale phala losalala. Usakanize ndi dzanja, uthire mchere pang'ono, uvundikire. Poto asadzaze, chifukwa phalalo limafufuma usiku. Limafuna kufunda ngati thobwa: m'nyengo ya chiperoni, mu June ndi July, uzikulunga potoyo m'bulangete kapena kumuika pafupi ndi mbaula yozima kumene. M'mawa ukaona timathovu n'kumva kafungo kowawasa, ndiye kuti zatheka.

Chiwaya chitenthe bwino. Udule anyezi pakati, umunyike m'mafuta, upukutire chiwayacho. Uthire chipande chimodzi pakatikati, kenaka ndi kumsana kwa chipandecho uzungulize kulowera m'mbali mpaka phala lipyapyale. Usachite phuma kumatula, kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mphepete mukafiira amanyamuka yekha. Chiwaya chikatenthetsa, uwaze timadzi usanathire phala lina, apo ayi limaundana malo amodzi.

Ndiwo yake ndi nandolo wophika ndi tomato, anyezi, tsabola ndi bwemba. Amwenye amati sambar. Nandolo yemweyu, amene mavenda amatigula kuno tikakolola, amakakwera sitima zapamadzi kupita ku India, kumene amadyedwa tsiku ndi tsiku. Tsono usachite naye manyazi pamaso pa anzako a m'tauni.

Chakudya chimenechi sichimvana ndi munthu wokumbukira njala itafika kale. Cha m'mawa umachiyamba dzulo lake masana. Uzolowere kuganiza motero pa zonse: malipiro akatuluka, yamba walipira lendi, wagula mpunga ndi makala, zina zibwere pambuyo. Ukaphika, upatseko woyandikana naye nyumba, pakuti tsiku lodwala adzakupitira kuchipatala ndi iyeyo.

Bambo ako sudzawapeza podzuka, amalawirira kothyola tiyi. Akuti uyende bwino, ndipo ukafika utiimbire foni.

Ndine,
Mayi ako